Yankho la Anthu a ku Namasupa Linanyamuka Lachinayi

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinabadwa, ndinadwala chikuku, ndinachira, ndinalowa shikola ya amishoni, basi. Ndiyambira pomwe ndinayamba kudya thukuta langa, chifukwa m'menemo ndimo muli nkhani imene mayi wanu anandiletsa kukuuzani iwo ali moyo.

Chaka choyamba pa posito

Ndinalembedwa ntchito ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pa posito ina yaing'ono ya boma la Apwitikizi cha kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Dzina la positoyo ndilisiya, poti nyumbayo idakalipo ndipo amene akugwiramo lero alibe mlandu. Ntchito yanga inali pawiri: kulemba pa makina, ndi kumasulira mawu pakati pa shefi ndi anthu. Oti n'kuwatchula tinalipo atatu. Panali shefi, mzungu wowonda amene malungo ankamuyendera mwezi ndi mwezi osaphonya tsiku. Panali Kabo Jafali, mkulu wa asipayo, ndiye kuti apolisi a pa posito. Ndiye panali ine. Udzudzu sindikuuwerengera, ngakhale unali ndi mphamvu kuposa tonse atatu. Tsiku lina udzudzu uwiri unachotsa chipewa cha Kabo pa msomali n'kukachisiya pakhonde. Ndinaona ndi maso angawa. Wokayika akafunse Kabo Jafali mwini wake. Manda ake ali ku Insaca.

Chilichonse chinali chosowa. Pepala la kaboni limodzi tinalembera mpaka linafanana ndi sefa, moti shefi ankasuzumirirapo pofuna kuona ngati kukubwera mvula. Koma chimene sitinkasowa ndi misonkhano. Masiku amenewo nkhondo inali itayamba kumpoto, ndipo boma linkafuna kuonetsa dziko lonse kuti limalamula mofunsa anthu. Lamulo lililonse likabwera, tinkapita kumudzi kukafunsa maganizo, kenako ine n'kulemba pepala lotchedwa akita, lofotokoza zomwe anthu anena.

Tsono mvetsetsani kayendedwe ka ntchito yathu. Misonkhano inkachitika Loweruka, poti Lachisanu anthu a m'mbali mwa nyanja amakhala ku mzikiti. Koma thumba la makalata linkanyamuka Lachinayi m'mawa, pa njinga, kukakumana ndi komboyo, sitima ya pamtunda ija, pa siteshoni ya ku Entre Lagos. Kudikira Lachinayi linalo kunali kuchedwa, ndipo shefi wochedwetsa mapepala ankadzudzulidwa ndi akuluakulu ake. Choncho akita tinkailemba Lachitatu. Shefi ankasaina, n'kumenya karimbo, chidindo chija cha boma, ndipo yankho la anthu linkanyamuka kutatsala masiku awiri kuti anthuwo amve funso. Mawu ake sankasintha: "Anthu anamvetsera mwachidwi ndipo anavomera mokondwa." Ndinawalemba kambirimbiri moti tsiku lina nditapita kukamwa madzi ndinapeza makina atamaliza okha chiganizocho. Anthu athu anavomera kulima thonje m'dambo lomira madzi. Anavomera kumanga agalu. Ulendo wina mlatho unakokoloka, msonkhano sunachitike n'komwe, koma anthu anavomerabe mokondwa.

Ankatiuza kuti ku mzinda waukulu wa chigawo kuli bwalo, ndipo m'bwalomo muli munthu wakuda mnzathu wokhala pampando m'malo mwathu. Ife sitinamusankhe, ndipo nkhope yake sitinaionepo. Zofuna zathu ankazidziwa powerenga mapepala anga omwewo. Ndikhulupirira anamwalira akudziwa kuti ankaimira anthu okondwa koposa pa dziko lapansi. Iwe Lusiya, amene ukugwira ntchito m'boma la masiku ano la mavoti, ukamapita ndi akuluakulu ako kukamva maganizo a anthu, uzifunsa kaye mwakachetechete kuti thumba linanyamuka liti.

Ine zimenezi sizinkandipweteka. Ndinkati boma ndi mvula, imagwa osafunsa amene wayanika ufa.

Chaka chomwecho ndinakwatira mayi wanu, Asiyatu, mwana wa msodzi wa m'mudzi wa Namasupa. Ndinamanga nyumba kwawoko monga mkamwini, ndipo ndinkapalasa njinga kupita kumeneko Loweruka lililonse ndikaweruka. Agogo anu, Abiti Bwanali, anali mayi wamasiye woyanika ndi kugulitsa matemba. Mwambo mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana, salankhulana pamaso, ndipo akakumana panjira wina amapatukira patchire. Ine ndinapatukira patchire kochuluka moti chitedze cha m'njira ya kudooko chinandizolowera, chinasiya kundiyabwa. Zaka zitatu ndinkadziwa nsalu zawo zonse ndi zidendene zawo, koma nkhope ayi.

Chaka chachitatu, mwezi wa Seputembala

Kalata inafika yonena kuti mudzi wa Namasupa usamuke. Boma linkakayikira kuti asodzi amawolotsa ankhondo a m'tchire pa mabwato, ndiye linafuna kusonkhanitsa anthu m'mudzi wozingidwa ndi waya, umene ankautcha aldeamento, pa malo otchedwa Mtambalika, m'mbali mwa msewu, kutali ndi nyanja. Munthu wa m'mudzi wotero sankatuluka popanda giya, kapepala ka chilolezo kosainidwa ndi shefi. Pansi pa kalatayo panalembedwa kuti kusamukako kuchitike pokhapokha anthu atavomera okha.

Lachitatu shefi anaima kumbuyo kwanga akusenda lalanje.

"Alberto, akita ya ku Namasupa."

"Bwana, kumeneko n'kwathu. Kuli mkazi wanga ndi mwana."

"Ndiye bwino, maina sulakwitsa."

Mwana amene ndinkanenayo ndi Mariamu, mkulu wanu nonse, amene panthawiyo anali ndi zaka ziwiri. Ndinalemba akita ija. Sindinakakamizidwe ndi mfuti, sindinaopsezedwe. Zala zinangoyenda m'njira yawo ya masiku onse. Shefi anamenya karimbo, ndipo Lachinayi m'mawa ndinaimirira pakhonde n'kumaona thumba likugwedezeka pa kaliyala ya njinga mpaka linakhota pa mtengo wa mbawa.

Loweruka la msonkhano

Anthu anakhala pansi pa mitengo ya mango pafupi ndi mzikiti, amuna uku, akazi uko. Asilikali anayi anatsamira galimoto. Shefi anafotokoza ubwino wa Mtambalika: msewu, chitsime, shikola imene idzamangidwe, chitetezo. Ine ndinamasulira zonse. Atafunsa maganizo, amuna anayang'ana zala za kumapazi. Ankadziwa kuti mwamuna wolankhula kwambiri pamaso pa asilikali amagona kwina.

Kenako kumbali ya akazi kunamveka mawu amene ndinkangowamvera kuseri kwa mpanda. Abiti Bwanali anagwada, nkhope atalozetsa kwa Kabo Jafali, ine atandipatsa phewa.

"A Kabo, auzeni apongozi anga amuuze mzunguyo kuti ndili ndi mawu."

Kabo anatembenukira kwa ine. "Che Alubeto, mwamva."

Anthu ena anaseka chamumtima, poti tinali motalikirana mikono itatu yokha. Koma umo ndi mmene mawu anayendera mpaka kumapeto: kuchoka kwa iwo kupita kwa Kabo, kwa Kabo kubwera kwa ine, kwa ine kupita kwa shefi.

"Pa Mtambalika si pachilendo," anatero. "Amayi anga anakhalapo ali mtsikana. Chitsime chimene mzunguyo akutamacho chimakoma nthawi ya mvula. Dzuwa likakula chonchi madzi ake amawawa mchere, amaterera ngati thelere, ndipo ana amatsegula m'mimba. Makolo athu anachokapo atatopa kukumba timanda tating'ono. Ngati boma likuopa mabwato athu, liwamange ndi unyolo, makiyi lisunge. Ngati likufuna waya, likatizinge pa chitunda cha Nsolo, pali kasupe wosaphwa. A Kabo, apongozi anga anene bwino pamenepa, asameze mawu: ife sitikukana waya, tikukana madzi."

Ndinamasulira liwu ndi liwu.

"Tsono poti mawu a mkazi sakhala ndi mboni," anapitiriza, "amene ali ndi m'bale wake pansi pa dothi la Mtambalika aimirire."

Poyamba anaimirira akazi awiri. Kenako shehe wa pa mzikiti. Kenako amuna, mmodzimmodzi, osayang'ana asilikali. Amene anatsala pansi ndi ana ndi nkhalamba imodzi yolumala miyendo, ndipo nayo inakweza ndodo yake m'mwamba. Pa misonkhano yonse imene ndinayendapo, uwu wokha ndiwo anthu anayankhadi funso.

Shefi anavula chipewa, anapukuta thukuta. "Auze kuti boma lamva."

"A Kabo," anatero agogo anu, "afunseni apongozi anga. Zimene ndanenazi alemba?"

Ndinayang'ana pansi. "A Kabo, auzeni kuti ndilemba."

Masana omwewo ndinapeza mayi wanu akutembenuza matemba pa thandala, Mariamu ali kumsana. Ndinawauza zonse, za Lachitatu ndi za thumba. Sanasiye ntchito yawo.

"Ndiye kuti amayi alankhula kwa ndani?"

Anatembenuza matemba ena n'kufunsanso.

"Munalemba kuti ine ndavomera?"

"Ndinalemba kuti anthu."

"Ine sindine munthu?"

Anapukuta manja pa chitenje n'kulowera ku nyumba ya amayi awo. Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utadziwa kuti unavomera kale.

Lolemba lotsatira

Ndinafika pa posito m'mawa n'kulemba akita yachiwiri, masamba atatu. Ndinaikamo za mchere, za kasupe wa pa Nsolo, za unyolo, ndi za anthu amene anaimirira. Ndinaiika pa tebulo la shefi. Anaiwerenga yonse, ndipo apa ndiyenera kunena zoona za munthuyo: sanakalipe. Anatseka chitseko n'kundiuza kuti ndikhale pa mpando, chinthu chimene sichinachitikepo.

"Mayi uja akunena zoona?"

"Zoona, bwana."

"Inenso ndikuganiza choncho. Koma ndikasaina iyi, ndiye kuti yoyamba ija inali yabodza. Yoyamba ikakhala yabodza, adzafunsa za thonje, za agalu, za mlatho. Zaka zitatu za mapepala, Alberto, ndipo onse analembedwa ndi zala zako. Komanso malo anasankhidwa ndi asilikali. Iwo akufuna msewu, sakufuna kasupe."

"Nanga ankafunsiranji anthu?"

"Kuti papezeke pepala loti anafunsidwa." Anatsegula kabati n'kutulutsa buku la magiya. "Mvera. Kuseri kwa posito kuli nyumba yopanda munthu. Ndikulembera giya ya mkazi wako ndi mwana, abwere akhale pano, azimwa madzi a m'thanki mwanga. Iwe ng'amba ichi. Mudziwo sungaupulumutse, koma awiri ako ungathe."

Ndinapempha kuti ndiganize. Ndinatuluka ndi akita ija m'manja n'kukaima pomwe panali njinga yanga. Njira ya kumanzere inkapita ku Namasupa, kumene ndikanakafunsa mayi wanu. Ya kumanja inkapita ku Insaca, ku ofesi ya akuluakulu a shefi. Ana anga, apa ndipo pali mlandu wanga weniweni. Sindinapite kukafunsa. Ndinkaopa kuti mayi wanu anena kuti tengani giyayo, ndipo ndinkaopanso kuti anena kuti musaitenge. Ndinadziuza kuti pepala loona likangofika m'manja mwa munthu wamkulu, mudzi wonse upulumuka, ndipo giya sidzafunikanso. Ine amene ndinali nditalemba kwa zaka zitatu yankho la anthu osawafunsa, ndinayankhiranso mkazi wanga osamufunsa. Ndinakhotera kumanja.

Kabo Jafali ananditsatira mpaka pa chipata akukoka ndevu. "Che Alubeto, nkhuku siikadandaula kwa kabawi wamkulu za kabawi wamng'ono." Ndinamuuza kuti atseke zenera la ku makina mvula ikabwera, ngakhale mwezi umenewo kunalibe mtambo.

Ndinafika ku Insaca dzuwa lili paliwombo. Mlembi wa kumeneko, munthu wakuda ngati ine, anatembenuza masamba aja kufunafuna pansi pake.

"Karimbo ili kuti, achimwene?"

"Palibe. Koma zimene zalembedwazo n'zoona."

"Sindinafunse zimenezo. Pepala lopanda karimbo ndi pepala lokulungira fodya. Bwererani nalo kunyumba, ine sindinakuoneni."

Ndinakana. Ndinati alilowetse kwa akuluakulu ake. Anandiyang'ana mmene munthu amayang'anira mbuzi yolowa yokha m'khola la ogulitsa nyama, n'kulilowetsa.

Mwezi wa Okutobala

Mayankho anabwera awiri m'thumba limodzi. Kalata yoyamba inali yothokoza anthu a ku Namasupa chifukwa chovomera mokondwa, ndipo inatchula tsiku la magalimoto. Yachiwiri inali yanga. Ndinatengedwa kukafunsidwa masiku atatu ndi anthu osavala yunifolomu, amene ankafuna kudziwa kuti ndani wa m'tchire anandituma kulemba. Ndinati anandituma ndi apongozi anga, kudzera mwa Kabo. Iwo sanaseke. Anandimenya m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lija la mabowo, mpaka zikhatho zinatupa ngati mikate. Ndikulumbira kuti kwa sabata yathunthu ndinkatha kubisa nkhope yonse ndi chala chimodzi.

Sananditsekere. Ananditumiza ku Entre Lagos kukayeza matumba pa sikelo ya pa siteshoni, ntchito yosafuna makina olembera. Ndisananyamuke ndinapita kwa shefi kukapempha giya ija. Analankhula nane pa zenera.

"Pano dzina lako lili m'buku la okayikiridwa. Ndikalembera banja lako giya, mawa ndine amene ndikafunsidwe. Ndinakupatsa nthawi yake, Alberto."

Magalimoto anafika ku Namasupa kumapeto kwa mwezi. Ine ndinalibe ngakhale chilolezo chokathandiza kunyamula nsungwi za denga la nyumba yanga.

Mwezi wa Disembala, mvula isanagwe

Za m'chigawo chino cha nkhani yanga sindilumbira, chifukwa palibe chimene ndawonjezera.

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Chitsime cha pa Mtambalika chinachita monga agogo anu ananenera. Akazi ankapempha kutuluka kukatunga ku kasupe, koma unali ulendo wa theka la tsiku, ndipo chipata chinkatsegulidwa mochedwa n'kutsekedwa msanga. Ana anayamba kutsegula m'mimba. Uthenga unandipeza ndili pa sikelo, m'mawa, wobwera ndi munthu wogulitsa nsomba zouma. Anangoti, "Che Alubeto, pitani kwanu." Mkulu wa siteshoni anandilembera kapepala ka masiku awiri osandifunsa kanthu.

Ndinafika chakumasana. Nyumba zinali m'mizere yowongoka bwino, zofanana zonse, moti yanga ndinaizindikira ndi kulira kwa mayi wanu. Mariamu anali atamwalira m'bandakucha. Anali mwana wachitatu kuikidwa pamalopo mwezi umenewo.

Ndinakhala pa mphasa panja ndi amuna. Palibe amene anandinyoza, ndipo palibe amene anatchula za mapepala. Shehe anandigwira dzanja, n'kuyang'ana zikhatho zanga zimene zinali zikusupuka, n'kulisiya pang'onopang'ono. Okumba manda anali akusonkhanitsa makasu kuti azipita. Mukudziwa kuti bambo wa mwana sakumba manda a mwana wake. Amakhala pansi, anzake n'kumugwirira ntchitoyo.

Ndiye agogo anu anatuluka m'nyumba ya maliro. Ndinayamba kudzuka kuti ndipatuke, monga mwa masiku onse, koma m'mudzi wa waya munalibe tchire. Anatenga khasu m'manja mwa mmodzi wa okumba aja n'kubwera molunjika pomwe ndinali. Sanaitane Kabo kapena munthu wina aliyense. Anaima pamaso panga n'kundiyang'ana. Anali ndi chipsera chaching'ono pamwamba pa diso lamanzere, ndipo maso awo anali a Mariamu.

"Apongozi."

"Wawa."

"Pepala loyamba lija munalemba ndi manja ati?"

"Awa."

"Lachiwiri?"

"Omwewa."

"Ndamva kuti mzungu anakupatsani njira yotulutsira mwanayu."

"Anandipatsa."

"Asiyatu munamufunsa?"

"Sindinamufunse."

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wamaliza kuwerenga nsomba zake n'kupeza kuti zakwana. Kenako ananditambasulira khasu lija. Shehe anadzuka. "Abiti Bwanali, si mwambo umenewo."

"Asiyeni," anatero, osachotsa maso pa ine. "Dothi limeneli ankalidziwa pa pepala."

Ndinalandira khasu ndi manja awiri n'kutsatira okumba aja. Asilikali anatitsegulira chipata. Manda anali kuseri kwa waya, pamene panali kale timiulu takale ta makolo a mudziwo, tofufutika moti ukanatiponda osadziwa. Pamwamba dothi linali louma ngati njerwa, ndipo zikhatho zanga zinang'ambika ndisanafike m'mawondo. Wina anafuna kundilandira, ndinakana. Nditafika m'chiuno dothi linayamba kuyera, ndipo thukuta litagwetsera fumbi lake pa milomo yanga ndinamva mchere.

Mkulu wanu ali kumeneko, kumanzere kwa msewu mukamachokera ku Insaca, pansi pa mtengo wa mtondo umene ndinabzala nkhondo itatha. Waya anachotsa kalekale. Mukapita, mutenge madzi anu akumwa.